Ulemu wa ku Shanghai

Thupi la Ronald linali litabwerako ku Shanghai, koma pakamwa pake panali pasanatere. M'khitchini ya kanyumba kawo ku Ongar, mumzinda wa Dublin, mkazi wake Tisungane ankasita yunifolomu ya ku nursing home, kosamalira okalamba, makutu ali tcheru.

"Mayi a Julia, kuno tikungokalambapo," anatero Ronald, miyendo ili pampando. "Anthu ali kuja. Ndege kungotera, galimoto yapadera ija yafika kudzatitenga, apolisi kutsogolo. Ine Ronald, mwana wa pa Ndirande!"

Mkuluyu ntchito ya ku warehouse ku Coolock inamuthera recession, kugwa kwa chuma kuja, itangoluma, ndipo kuchokera pamenepo mnzake wapamtima anali rimoti ya TV. Ulendowu anapita ndi Ignasio, m'bale wa kutchalitchi, kukaona za bizinesi ya mafoni. Foni sanabwere nayo ndi imodzi yomwe. Anabwera ndi nkhani.

Koma nkhani zake, abale! Ati ku Shanghai chakudya chimakupeza pakhomo usanaitanitse, chotentha, ndipo wobweretsayo amagogoda n'kubwerera m'mbuyo mwaulemu. Ati ukhondo wake ngoopsa: wantchito aliyense zovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, magolovesi m'manja, ngakhale zinyalala zako amazinyamula ngati mazira. Dokotala amabwera yekha m'mawa ndi madzulo kudzafunsa za thupi lako, osalipira kalikonse. Palibe wokukankha, palibe wokuponda phazi, aliyense amakupatsa mpata.

Apa ndiye mtima wa Tisungane unagwedezeka. Iye wozizidwa pasiteji kudikira basi yosabwera, kukasambitsa nkhalamba zina zomutukwana, manijala n'kumamudulanso ma shift! Ntchitoyo inamufika pakhosi kalekale. Komabe ndi yokhayo imene inkalipira lendi ndi kudyetsa mwana wawo Julia, ndipo kuisiya pa nthawi imene eni dziko omwe ankathawira ku Australia kunkamuchititsa mantha. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

"Nanga ntchito ya ngati ineyo iliko?" anafunsa.

"Iii, kolido yonse manesi okhaokha, koma kuchepabe! Kuthamanga tsiku lonse. Inuyo angakulandireni ndi manja awiri. Imbani foni, mayi, musiye zoopaopazi."

Tisungane anazimitsa ayironi. Anayang'ana mvula ya Dublin ikunyenyeretsa pawindo ngati ilibe kwawo, n'kuimbira manijala uja. Zonse zimene anakhala akumeza zaka zonsezi anazilavula m'Chingerezi chosaphonya, mpaka kumuuza mayiyo kuti ma shift akewo awakazinge adye ndi ana ake. Atadula foni, kunena zoona anamva kukoma.

Posakhalitsa belu la pakhomo linalira. Anali Ignasio, ambulera ikudontha.

"Mwafika bwino alamu!" anatero Tisungane akumwetulira. "Ntchito ndasiya, tikusamukira ku Shanghai. Tandiuzeni, inuyo munakuona bwanji? Misika yake, masitima ake?"

Ronald anatsitsa miyendo pampando, n'kuyamba kufunafuna chinachake m'furiji.

Ignasio anaseka mpaka kugwirira chitseko. "Masitima ati, alamu? Wina m'ndege mwathu anapezeka ndi chimfine cha nkhumba chija, tonse anatitsekera mu hotelo mpaka tsiku lobwerera. Shanghai ife tinaionera pawindo."