Mano Awili a Rosa

Wojambula anati, "Akwatibwi, mwetulilani," koma Rosa, mdzukulu wanga, anatseka milomo.

Ndinadziwa chifukwa. Ku Lusaka dokotala anamumata tizikutilo pa mano awili akutsogolo amene anabenthuka, tofanana mtundu ndi mano ake achikasu. Ukwati utayandikila, Rosa anakayeletsa mano. Onse anayela mbee, koma mankhwala sagwila pa tizikutilo. Awiliwo anatsala ngati chimanga chokazinga.

Ndinamutsina pamkono. "Iwe, Godwin anakufunsila pa msika wa Nyimba mano ali obenthuka. Lelo athawe awiliwa? Seka, anthu ali ndi njala."

Godwin ndiye anayamba kuseka. Rosa analephela kupilila, mano onse panja, wojambula n'kudina.

Tsopano iwe Natasha, mng'ono wake wa Rosa, usadzatsate zimenezi. Mano ako akadzabenthuka, udzayambe wayeletsa, mtundu ukhazikike, ndiye dokotala akumate pambuyo.