Zala Zakuda pa Thaulo

"Munalumbira kuti mfuti mwasiya, bambo a Mwai!" Magdalene anaponya patebulo thaulo lodindika zala zakuda. "Ufa uwu ndimaudziwa. Mawa ndikutenga mwana, tizikakhala kwa asisi ku Beaumont."

Cuthbert anatambasula manja ake oyera. "Chisiyireni kalabu yowombera ija sindinagwirepo chipolopolo."

"Ndiye ndi makala? Mu Ongar muno?"

Mwana wawo Mwaiwawo anazyolika.

"Si makala, mami," anatero chapansipansi. "Ufawo amapaka zipolopolo kuti zizitsetsereka bwino mumpope wa mfuti, usamade msanga."

"Iwe umakhalira kwaya Loweruka lililonse, wazidziwira kuti zimenezo?" anafunsa Magdalene.

Mtsikanayo anatulutsa manja amene anawabisa kunsi kwa tebulo. M'zikhadabo sopo anali atalephera kuchotsa ufa wakuda uja.