Ziro ya Ba Kabaso

"Ziro pa teni!" anakalipa Ba Kabaso, kalipentala wa ku Kalingalinga. "Wolemba kolosiwedi iyi ni mbuli. Palibe yankho yokwana mu timabokosi!"

Loweruka lililonse iwo ankapereka mamalikisi kwa olemba makolosiwedi a m'nyuzipepala, masewera odzaza mawu aja, pa gulu la pafoni. Lero chipongwe anali atatumiza kale.

Betty wogulitsa vitumbuwa anatola zidutswa ziwiri za nyuzipepala zimene Ba Kabaso ankawerenga, zonona mafuta, n'kuona madeti.

"Muleke kutukwana bantu, imwe. Timabokosi ni twa pa Chiwiri, ninakumangirani vitumbuwa. Mafunso ni ya pa Chisanu, munagulira kapenta."

Ba Kabaso anathamangira foni kuti afufute chipongwe chija. Anthu khumi anali atayankha kale: "Zoona, mdala! Naise taiyesa, ni ziro."