Wochedwa Amapatuka

Hutala inaliranso kumbuyo kwa lole ya matabwa. Gilson, amene ankayendetsa loleyo, anasuzumira pagalasi, n'kuzindikira galimoto ya Douglas, mtchona amene anamulanda Norah chinkhoswe chitayandikira.

"Ku Joni wochedwa amapatuka, achimwene," Douglas anamuuza motero nthawi imeneyo, akuseka. "Wodutsayo amathokoza poyatsa nyali za mahazadi."

Lero, akutsika phiri la Zomba, takisi yokwera inaphethiritsa nyali. Gilson anadziwa kuti apolisi ali pakona. Anafinyira lole yake kumbali ngati ku Joni komweko, n'kukodola ndi dzanja.

Douglas anadutsa ngati mphepo, pamzere woletsa kupitirira, mahazadi akuthwanima.

Pakona paja Gilson anamupeza atayimitsidwa, makiyi ali m'manja mwa wapolisi. Anamudutsa pang'onopang'ono, nayenso n'kuyatsa mahazadi.