Apulo wa Bambo Okana Kudya

Namwino watsopano anaima pafupi ndi bedi, mbale ya zidutswa za apulo ili m'manja, mawu a Chijeremani atawalemba pachikhatho. Bambo okalamba a ku Jeremani omwe anagona pabedipo anali atakana chakudya masiku awiri. Ankafuna mabisiketi okha, koma matenda awo a shuga sankalola.

"Apfel... gesund," anatero namwinoyo, kutanthauza kuti apulo ndi wabwino m'thupi. Mawu enawo anali atafufutika ndi thukuta, ndiye anangomalizira m'chinenero chakwawo: "Idyani, bambo, musandichititse manyazi."

Bambowo anamuyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anamukonza katchulidwe kawiri, chala chili m'mwamba ngati aphunzitsi. Atakhoza kachitatu, iwo anatola kachidutswa n'kuyamba kutafuna.

Mbale isanathe, anali atayamba kumuphunzitsa dzina la karoti.