Kabowo ka pa Chivindikiro cha Thanki

Panali munthu wina, mwini nyumba zinayi zalendi, amene anthu ankamutcha Ndadziwakale, chifukwa ukati umuuze chinthu ankakudula pakamwa. Kapinga wa panyumbazo ankatchetcha ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, bambo wofatsa wa ana atatu.

Tsiku lina Ndadziwakale anamva fungo la petulo mosungira makina otchetchera. Ataona kabowo pa chivindikiro cha thanki anati, "Eya, petulo wanga akuthawira apa." Anakamata ndi guluu cham'kati, osauza munthu.

Kuyambira pamenepo makina anayamba matenda. Ukakoka chingwe ankalira bwinobwino, koma pakapita mphindi zingapo ankatsokomola n'kuzima. Ndadziwakale anasintha pulagi, anatsuka sefa ya mpweya, koma ayi ndithu.

"Alamu," anatero mlamu uja, "makinawa akukhala ngati akubanika. Ndikatsegula thanki kuti ndione petulo ndimamva kuti fuu, kenako amaliranso. Bwanji tiitane makaniko?"

"Makaniko wa chiyani? Makinawa ndinagula ndine."

Munthu wina wongodutsa, amene sankamudziwa n'komwe, anaima pampanda n'kunena kuti, "Bwana, amatero ndi petulo wosakaniza ndi parafini. Funsani amene mumamutuma." Mawu amenewo okha ndi amene analowa m'khutu. Paja mkuluyu anali wa mtima wapachala. Anaitana mlamu wake pamaso pa alendi onse.

"Petulo wanga mukugulitsa kuti? Ndakusungani ngati m'bale, kani ndikuweta mbava!"

Mkazi wake anamugwira mkono. "Bambo a m'nyumba, achimwene sanabepo ngakhale singano. Fufuzani kaye."

"Akadye kwina," anatero Ndadziwakale.

Mlamuyo anavula magolovesi, n'kuwaika pa makinawo, n'kumapita.

Ndadziwakale anakagula yekha petulo, anathira yekha, anakoka yekha chingwe. Makina analira, anatsokomola, anazima. Apa anayamba kudzikayikira. Mwezi utatha, kapinga atafika m'mawondo, anaitana makaniko.

Makanikoyo sanamasule n'komwe injini. Anatembenuza chivindikiro, n'kutokosa ndi singano.

"Ndani anamata apa? Thanki imapumira pa kabowo aka. Mukakatseka, petulo satsikira ku injini. Petulo wanuyu alibe vuto."

Makina anatchetcha bwalo lonse osazima. Manyazi anamugwira Ndadziwakale mpaka kumapazi.

Mawa lake anapita kukapepesa kwa mlamu wake. Anapeza katundu ali panja, womangamanga. Mbiri ya petulo inali itafika paliponse, ndipo aliyense amene mlamuyo ankamutchetchera anali atamuuza kuti asabwerenso. Banja linali kusamuka.

"Alamu, ndinalakwa ndine. Ndinamata kabowo kopumira thanki, makaniko wangokatokosa ndi singano, makina achira. Bwererani pa ntchito."

"Ndamva, alamu," anatero mlamuyo akumanga matiresi. "Koma munanditcha mbava pagulu, ndipo kupepesa mwabwera nokha. Mwana wanga wamkazi wasiya sukulu, anzake akumuitana kuti Parafini. Kumenekonso mukatokosa ndi singano?"

Mpaka lero mkazi wa Ndadziwakale amamuikira chakudya patebulo n'kukadyera kukhitchini.

Phunziro: Chinthu chikavuta, yamba wadzifunsa chimene iwe wagwirapo usanaloze chala mnzako. Mvera amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku, osati wodutsa pamsewu. Makina amakonzeka ndi singano, koma dzina la munthu ukaliipitsa silikonzeka msanga. Tumizirani ena, makamaka a Ndadziwakale a kwanuko.