Impso ya Sabah Anaikana

Panali bambo wina kwathu kuno, dzina lake Ragab, wodula nzimbe. Nkhaniyi ndi yoona. Ndikulemba mobisa, mwana ali pamwendo, ndiye dzina langa musandifunse, eni nkhani tayandikana nawo nyumba.

Ragab impso zake zonse ziwiri zinafa. Katatu pa sabata ankakwera minibasi kupita ku Sohag kukatsukitsa magazi pa makina, pobwera osatha n'kuima komwe. Ana atatu, wamng'ono akuyamwa. Dokotala anati makina samusunga nthawi yaitali, pakufunika impso ya wachibale.

Azichimwene ake awiri anayezetsa, sizinagwirizane. Mchemwali wake Sabah anapita yekha osauza munthu. Yake inagwirizana. Dokotala anati opaleshoni ikachitikire ku Cairo, ndalama zokha zipezeke.

Mudzi unasonkha. Lachisanu ikatha swala bokosi la zopereka linkayenda pakhomo pa mzikiti. Akhristu a kutsidya kwa ngalande nawonso anasonkha kutchalitchi kwawo. Amayife tinavula zibangili zagolide za paukwati wathu. Ine ndinali nazo ziwiri zokha, ndinavula chimodzi. Mayi wina wamasiye anagulitsa njati yake yoweta ya mkaka. Zonse tinakapereka kwa a Hajji Abdel-Mawgoud, bambo ake aakulu a Ragab, poti ndiwo mutu wa banja.

Koma Sabah anali pa chitomero ndi mwamuna wina, Hamada, golide wa chitomero atamuveka kale. Mayi ake a Hamada atamva anatulukira pakhomo osapereka ndi moni womwe. Akuti iwo sanagulire golide mtsikana wong'ambidwa pamimba, wa impso imodzi sabereka. Akapereka impso, ukwati watha.

Dokotala anali atanena kale kuti limenelo ndi bodza, mkazi wa impso imodzi amabereka bwinobwino. Palibe anamva.

Kumalo omwera tiyi amuna nawo anayamba zawo. "Ragab, akakuika ya mkaziyo uzikodza chonjuta, eti?" Wina n'kumati amugulire mpango wakumutu. Kumaseka, mnzawo akufa.

A Hajji anaitana banja. Anati mwana wamkazi wa pakhomo pawo sangavulidwe ndi amuna achilendo n'kudulidwa asanakwatiwe, anthu adzati chiyani.

Sabah anati, "Bambo, thupi ndi langa, m'bale ndi wanga."

Anamuuza atseke pakamwa akaphike tiyi.

Ragab naye manyazi anamugwira. Anangoti, "Iwe Sabah, kakwatiwe. Sindingakuphere ukwati ine."

Ndiye a Hajji anapita okha ku Cairo kukafuna njira ina. Pageti pa chipatala anakumana ndi munthu wa mkanjo woyera, chipsera chogunditsa mutu pansi poswali chakuda bii pachipumi. Munthuyo anawatchula a Hajji kuti "bambo anga", anawagulira tiyi. Anati akudziwa mwamuna wamphamvu wofuna kupereka impso, yachimuna yeniyeni, ndipo mapepala akonza yekha kuti aoneke ngati wachibale.

Dokotala wa Ragab atamva pa foni anawauza mosabisa kuti zimenezo n'zoletsedwa, anthu a pagetiwo ndi mbava, abweretse Sabah basi. A Hajji anati munthu woswali chonchija sanganame, dokotalayo ndi mwana wadzana.

Munthu wa mkanjo woyera uja anam'patsa zonse. Ndalama, zibangili zathu, za njati zija. Popanda ndi pepala lomwe, akuti munthu akalumbira pa dzina la Mulungu kumufunsa pepala n'kumunyoza. Munthuyo anati abwere ndi wodwala Lolemba.

Usiku wochezera Lolemba a Hajji anamukweza Ragab sitima, ulendo wonse uja atagona pampando. Anadikira pageti paja tsiku lonse. Foni ya munthu uja yozimitsa. Mlonda anawauza kuti sabata iliyonse pamafika anthu akumudzi kudzafunsa za munthu wa mkanjo woyera.

Sabah atamva sanapemphenso chilolezo kwa munthu. Anakwera minibasi, anakauza dokotala kuti amudule tsiku lomwelo. Dokotala anati mtima wa Ragab wafooka tsopano, mpeni sangaupirire. Akanabwera miyezi isanu yapitayo zikanatheka.

Ragab anamwalira nthawi yodula nzimbe. Amuna a kumalo a tiyi aja ndi omwe ananyamula maliro, nkhope zogwa ngati anthu abwino.

Tsiku lachitatu la maliro, ife amayi tili m'nyumba, mayi ake a Hamada anakhala pafupi ndi Sabah n'kumusisita pamsana. Ine ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu angawa.

"Pepa mwana wanga, ndi kufuna kwa Mulungu. Chabwino n'chakuti iwe uli wathunthu. Akatha masiku makumi anayi a maliro tikambe za ukwati."

Sabah anavula golide yense, mphete, zibangili, ndolo, n'kuwaikira pamwendo.

"Impso zonse ziwiri ndili nazo, mayi. M'bale ndiye ndilibe. Tengani zanu."

A Hajji mpaka lero amakhala mzere woyamba mu mzikiti. Palibe amawanena, akuti ndi akulu.

Chimene ndalembera ndi ichi. Mwana ali pamwendoyu wayamba kutupa m'maso ndi miyendo. Dokotala akuti ndi impso. Amuna anga anakapempha kuti bokosi liyende Lachisanu. Anthu anati, tinapereka kale, zinapita kuti? Bokosi linabwera lopepuka. Sindiwada, nanenso chibangili changa chinapita momwemo. Ndatsala ndi chimodzi, ndipo ndikuopa.

Phunziro: Wachibale akadzipereka kuti apulumutse m'bale wake, musamuletse chifukwa choti ndi mkazi kapena choti anthu adzanena. Onenawo adzabwera kudzamwa tiyi pamaliro. Mverani dokotala, osati munthu wa pageti, kaya aswali chotani. Ndipo zimene mudzi wasonkha zipite kuchipatala anthu akuona, chifukwa zikabedwa safa mmodzi, wodwala wotsatira nayenso amasowa womuthandiza. Nkhaniyi tumizirani amayi anzanu, ndipo amene angathe awerengere amuna awo.